Kodi nkhuku ndizo zadwalitsa mwana wanga?

Adokotala, mwana wanga wa miyezi 9 anatsegula m'mimba ndi kusanza masiku anayi, ndipo kuchipatala anati mwina ndi rotavirus. Sabata yomweyo anapiye athu ankachita chitosi chamadzimadzi. Apongozi akuti tigulitse nkhuku zonse. Komanso mwanayu katemera analandira, nanga wadwala bwanji?
Mayi wa ku Khombedza, Salima

Mayi, pepani ndi matendawo. Nkhukuzo musagulitse, ndipo apongozi muwafotokozere mofatsa, chifukwa kukayika kwawo sikopanda mutu.

Rotavirus ndi dzina la banja lalikulu la mavayirasi, tizilombo totsegulitsa m'mimba, lokhala ndi mafuko ake, monga ifenso tili ndi a Phiri ndi a Banda. Akatswiri amawatchula ndi zilembo. Mafuko a D, F ndi G amapezeka mu mbalame, monga nkhuku. Fuko la A, lomwe limadwalitsa kwambiri ana athu, lilinso mu ng'ombe, nkhumba, mbuzi ndi nkhuku zomwe, koma la nkhuku linapatukana kalekale ndi la anthu, moti silikhazikika bwino m'matumbo a mwana. Nthawi zambiri mwana amatengera kwa mwana mnzake, kudzera m'manja, thewera, kapena kachidole komwe onse akuika kukamwa.

Ziweto zoyamwitsa ndiye nkhani ina. Chibadwa cha kachilomboka chili m'zidutswa 11. Zikachitika kuti mtundu wa mwanawang'ombe ndi wa munthu zakumana m'thupi limodzi, zimasinthana zidutswa. Mukaima pa Kamuzu Road muone njinga za kabaza: felemu ya kwina, tayala la kwina, handulo ya kwinanso, koma ikuyenda ndipo yanyamula munthu. Ndi mmene mitundu yatsopano imabadwira. Kuno kwathu zinaonekapo: kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ofufuza a ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ankapeza mwa ana ambiri mtundu wotchedwa G8, womwe umadziwika kwambiri mu ng'ombe. Choncho kukanakhala kuti mwandiuza za thole lotsegula m'mimba, ndikanatchera khutu kuposa mmene ndachitira ndi anapiyewo.

Sikuti chitosi ndachiyeretsa ayi. Muli tizilombo tina, monga Campylobacter ndi Salmonella, totsegulitsanso m'mimba. Mwana wa miyezi 9 ndi wokwawa, chilichonse chomwe watola chimathera kukamwa. Sesani pabwalo m'mawa, muyalireni mkeka, nkhuku zisagone m'nyumba, ndipo sambani m'manja ndi sopo mukachoka kukhola kapena mukasintha thewera.

Za katemera: Malawi anayamba kupereka katemera wa Rotarix mu Okutobala 2012, madontho a m'kamwa, mwana akakwanitsa masabata 6 ndi 10. Anapangidwa kuchokera ku mtundu umodzi wa anthu, G1P[8], koma amathandizanso pa mitundu ina. Ntchito yake yaikulu ndi kuchepetsa ukali wa matenda, osati kuwatsekera khomo. Mwana wolandira katemera akhoza kudwala ndithu, kungoti sakomoka nako kawirikawiri. Mwinanso chomwe chinamudwalitsa si rotavirus n'komwe, poti popanda kuyeza chimbudzi timangoganizira.

Chimene chimapha ndi kutha kwa madzi m'thupi. Akayambiranso, pitirizani kuyamwitsa, sungunulani Thanzi ORS m'madzi aukhondo okwana lita imodzi n'kumamupatsa pang'onopang'ono ndi supuni, ndipo amwe zinc masiku 10 mpaka 14 ngakhale ataoneka kuti wachira. Bactrim wa pagolosale musiyeni, sagwira vayirasi. Ndimamva amayi ambiri akunena kuti ndi mano akumera, ena n'kumamata mankhwala paliwombo. Liwombo likalowa, ndiye kuti madzi atha. Mukaona zimenezo, kapena maso alowa m'kati, akukana bere, sakukodza, kapena m'chimbudzi muli magazi, thamangani naye kuchipatala ngakhale ndi usiku.

Za anapiyewo, kaonaneni ndi alangizi a ziweto, makamaka ngati ayamba kufa motsatizana, chifukwa chitopa nachonso chimatsegulitsa nkhuku m'mimba.