Funsani Tikuyankheni: Tinthu Tokwiyitsa pa Chingerezi, Mafoni ndi Mafilimu

Ndine mphunzitsi, ndipo khutu limandiwawa ndikamva wophunzira akuti "borrow me your pen". Ndimawakonza tsiku ndi tsiku koma mawa lake abwereza zomwezo. Vuto lili pati?

Aphunzitsi, anawo sakuchitira dala. Chimene akuchita n'kutenga Chichewa cholongosoka n'kuchiveka mawu a Chingerezi. Ife timati "ndabwereka cholembera kwa mnzanga", timatinso "ndibwerekeko cholembera". Mneni ndi mmodzi yemweyo, kaya ukulandira kaya ukupempha kuti wina akupatse. Chingerezi chili ndi aneni awiri: borrow ndi wa amene akulandira, lend ndi wa amene akupereka. N'chifukwa chake kungomuuza mwana kuti walakwa sikuphula kanthu, pakuti m'mutu mwake chiganizocho chili bwinobwino.

Muonetseni ndi maso kumene chinthucho chikulowera. Imikani ana awiri kutsogolo, cholembera chili m'dzanja la mmodzi. Wopanda cholemberayo atambasule dzanja n'kunena "May I borrow your pen?" kapena "Please lend me your pen". Mwini wake ayankhe "I will lend it to you" akuchipereka. Kenako asinthane. Apatseninso zogwirira ziwiri: borrow amayenda ndi from pamene lend amayenda ndi to, ndipo pamene m'Chichewa pakukwanira mawu akuti kubwereketsa, pamenepo ndi pa lend. Musaiwale kuti zikakhala zochitika kale timati lent, osati lended.

Kalata yoitanira anthu kumsonkhano yalembedwa kuti 12:00 p.m. Ena akuti ndi masana, ena akuti ndi usiku. Zoona n'ziti?

Ndi masana. Mafoni ndi makompyuta amatenga 12:00 p.m. kukhala masana, ndipo 12:00 a.m. kukhala pakati pa usiku. Koma osokonezekawo tisawaseke. Zilembozi zinachokera ku Chilatini: a.m. ndi ante meridiem, kutanthauza dzuwa lisanafike paliwombo, pamene p.m. ndi post meridiem, dzuwa litapendeka. Nanga 12 koloko yeniyeniyo, dzuwa lili paliwombo, igwera mbali iti? Wolemba kalata wosamala amangolemba "12 noon" kapena "12 midnight". Pa tsiku lotsekera kulandira makalata ofunsira ntchito kapena mayeso, ndi bwino kulemba 23:59, chifukwa "midnight" wa Lachisanu ena amamumva ngati usiku wolowa Lachisanu, ena ngati wotuluka. Ndipo mukalemba a.m. musawonjezerenso "in the morning", mwanena kale.

Ndagula fulashi yolembedwa 64GB, koma kompyuta ikuonetsa 59 yokha. Kodi andibera?

Ayi, sanakubereni. Opanga fulashi ndi kompyuta yanu akuwerenga mosiyana. Kwa opanga, gigabayiti imodzi ndi mabayiti 1,000,000,000. Windows imawerenga m'magulu a 1,024, choncho kwa iyo gigabayiti ndi mabayiti 1,073,741,824. Gawani mabayiti 64,000,000,000 ndi nambala imeneyo, mupeza 59.6. Kadanga kena kochepa kamapita ku dongosolo losungira mafayilo. Disiki ya 1TB nayo imaoneka ngati 931GB pa chifukwa chomwechi.

Chinyengo chenicheni chimabwera mwanjira ina. Pali mafulashi achinyengo amene amauza kompyuta kuti ndi aakulu pamene mkati mwake muli malo ochepa. Mukamaikamo zinthu zimaoneka ngati zalowa, mayina a mafayilo n'kumaoneka ndithu, koma malo enieni akatha zatsopano zimafufuta zakale kapena zimangotayika. Mumazindikira mochedwa, zithunzi zikakana kutseguka. Fulashi yatsopano iyeseni isanasunge chilichonse chofunika: pulogalamu yaulere ya H2testw imaidzaza yonse kenako n'kuwerenga zimene yalembamo, n'kukuuzani malo enieni.

Chisokonezo chofanana nacho chili pa liwiro la intaneti. Mbps ya b wamng'ono ikunena za mabiti, pamene MB ya B wamkulu ikunena za mabayiti, ndipo bayiti imodzi ili ndi mabiti 8. Intaneti ya 10 Mbps imakoka 1.25 MB pa sekondi ikamathamanga mokwanira, ndiye fayilo ya 750 MB ifuna mphindi 10.

Ndikalemba uthenga m'Chichewa foni imasintha mawu anga n'kuika a Chingerezi. Ndiiletse bwanji?

Kiyibodi yanu ikudziwa Chingerezi chokha, ndiye mawu alionse achilendo ikuwayesa olakwika. Pa Gboard, kiyibodi ya Google imene ili m'mafoni ambiri a Android, lowani mu Settings, pitani pa Languages, n'kuwonjezera Nyanja. Ngati simukufuna kukonzeredwa n'komwe, zimitsani Auto-correction pagawo lokonza mawu. Pa iPhone njira yake ndi Settings, General, Keyboard, Auto-Correction.

Poonera filimu, anthu akamayankhula sindimva, ndikakweza voliyumu mfuti ikalira nyumba yonse imagwedezeka. Malonda akalowa ndiye phokoso losaneneka. Kodi TV yanga yaonongeka?

TV yanu ili bwino, ndipo dandaulo lanuli ndi lomveka ndithu. Mafilimu ambiri mawu ake amakonzedwera chipinda choonetsera kanema, m'dongosolo lotchedwa 5.1. Mmenemo muli masipika atatu kutsogolo, awiri m'mbali cha kumbuyo, ndi imodzi ya mabesi. Zoyankhula za anthu zambiri zimatuluka pa sipika yapakati yokhayokha. TV yanu ili ndi timasipika tiwiri, kawirikawiri toyang'ana pansi kapena kukhoma chifukwa ma TV a masiku ano ndi opyapyala. Zonse zija zimaunjikidwa mu tiwiriti, ndipo mawu a anthu amamira m'nyimbo ndi phokoso. Kuwonjezera apo, okonza mawu amasiya dala mpata waukulu pakati pa kunong'ona ndi kuphulika kwa bomba. M'chipinda cha kanema zimakoma. M'nyumba mmene mwana wagona zimazunza.

Yambani ndi mndandanda wa Sound pa TV. Fufuzani Clear Voice kapena Dialogue Enhancement, zimene zimakweza mawu a anthu, komanso Night Mode kapena Auto Volume, zimene zimatsitsa phokoso lalikulu n'kukweza zonong'ona. Mayinawa amasiyana malinga ndi opanga. Zimitsani chilichonse cholembedwa Surround ngati mulibe masipika akumbuyo, chifukwa chimamwaza mawu. Ngati filimuyo ikukulolani kusankha, tengani Stereo m'malo mwa 5.1. Pakakhala Equalizer, malo okwezera kapena kutsitsira mabesi ndi mawu ena paokhapaokha, tsitsani mabesi a pansi pa 200 Hz, n'kukweza pang'ono pakati pa 1 kHz ndi 4 kHz, pamene pamagona kumveka bwino kwa zoyankhula. Musakweze mopyola muyeso, mawu angayambe kubaya m'makutu. Oonera pa kompyuta ndi pulogalamu ya VLC alowe pa Tools, Effects and Filters, n'kuyatsa Compressor.

Za malonda ndi nkhani ina, ndipo ifenso sitiiona bwino. Okonza malonda amafinya mawu onse kuti akhale pamwamba kuyambira poyamba mpaka pomaliza, popanda potsika, ndiye khutu limawamva ngati kukuwa. Madandaulo anachuluka mpaka dziko la United States linakhazikitsa lamulo la CALM Act mu 2010, ndipo chaka chomwecho bungwe la European Broadcasting Union linatulutsa muyezo wa R 128 wofananitsa kakwezedwe ka mawu. Kumene oulutsa satsatira miyezo yotere, Auto Volume ndiye mthandizi wanu.

M'mafilimu, mzere wa pa makina oonetsa kugunda kwa mtima ukaongoka, madokotala amamenya wodwala ndi magetsi pachifuwa, iye n'kutsitsimuka. Mnzanga wophunzira unamwino amakwiya nazo. Chalakwika n'chiyani?

Mnzanuyo akukwiyira zoona, ndipo pa madandaulo onse a mwezi uno ili lokha ndi limene likukhudza moyo wa munthu. Makina amagetsi aja, defibrillator, sadzutsa mtima umene waima ziii. Ntchito yake ndi ya pamene mtima ukungonjenjemera mosalongosoka osapopa magazi. Magetsiwo amaimitsa kunjenjemerako kwa kanthawi kuti mtima uyambirenso kagundidwe kake. Mzere ukaongoka ndiye kuti mulibe choti aimitse. Pamenepo madokotala amapsinja chifuwa ndi kupereka mankhwala a adrenaline, uku akufufuza chimene chaimitsa mtimawo.

Mafilimu amalakwitsanso kapsinjidwe. Ochita sewero amapinda zigongono n'kumangogwedeza mapewa kuopa kupweteka mnzawo. Munthu wamkulu akagwa, osayankha ndiponso osapuma bwino, tumani wina aitane thandizo la chipatala. Mgonekeni chagada pamalo olimba, osati pamatiresi. Ikani chikhatho pakati pa chifuwa, dzanja lina pamwamba pake, zigongono zili zoongoka, mapewa anu ali pamwamba penipeni pa manja. Psinjani chifuwa chilowe masentimita 5 mpaka 6, maulendo 100 mpaka 120 pa mphindi, n'kumachilola kubwerera m'malo mwake nthawi iliyonse. Amene anaphunzira amapsinja ka 30 n'kuuzira mpweya kawiri. Amene sanaphunzire apitirize kupsinja kokhako osalekeza. Nthiti imatha kuthyoka, koma chimenecho si chifukwa chosiyira. Manja amatopa msanga, choncho ngati mulipo awiri muzisinthana pakatha mphindi 2 zilizonse. Pakapezeka makina a AED, amene ndi defibrillator yonyamula m'manja, ayatseni, matani zomata zake pachifuwa monga zajambulidwira, n'kutsatira mawu ake, pakuti amayeza okha ngati magetsi akufunika kapena ayi.