Masana amodzi ku Istanbul: pitani ku Süleymaniye

Achemwali, mwati muli ndi masana amodzi okha ku Istanbul ndipo mukufunsa ngati mungothamangira ku Blue Mosque monga achitira aliyense. Ine ndikuti kwerani chitunda mukaone mzikiti wa Süleymaniye. Blue Mosque ngwokongola ndithu, koma anthu amachita kuthithikana moti simupeza mpata woima n'kuyang'anitsitsa.

Süleymaniye anaumanga mmisiri wotchuka Mimar Sinan kuyambira 1550 mpaka 1557, atatumidwa ndi Sultan Süleyman. Mukangolowa, musafulumire kutulutsa foni. Khalani kaye pakapeti mudzutse maso. Denga lozungulira lapakati lili pamtunda wa mamita 53, koma silikupsinjani, chifukwa mawindo ambirimbiri amalowetsa kuwala mbali zonse ndipo makoma sanawadzaze zokongoletsa.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi nzeru ya mmisiriyu pa nkhani ya utsi. Kalelo ankayatsa nyali zamafuta zochuluka, ndiye iye anakonza kuti mpweya uzikokera utsiwo m'kachipinda kapamwamba pa khomo lalikulu. Makoma sankada, ndipo mwaye wa m'kachipindako ankaupala n'kupangira inki yolembera. Pakati pa nyalizo ankapachikaponso mazira a nthiwatiwa, ati othamangitsira akangaude.

Potuluka werengani makhonde a pa nsanja zinayi za mzikitiwu. Alipo 10, ndipo amati n'chifukwa choti Süleyman anali mfumu ya nambala 10 ya ufumu wakale wa Ottoman. Kuseri kwa mzikitiwu kuli manda ake ndi a mkazi wake Hürrem Sultan, musawaphonye. Sinan mwini wake anagona pakangodya kunja kwa mpanda, m'manda aang'ono osadzionetsera. Mukatero pitani pabwalo loyang'ana ku Golden Horn, ndomo ya nyanja yolowa mumzindawu, mzinda muuone uli pansi panu.

Kulowa n'kwaulere. Tengani mpango wofunda kumutu, valani zofika m'miyendo, nsapato muvula pakhomo. Nthawi ya swala alendo amayamba adikira, ndipo Lachisanu ndi bwino kufika Juma itatha. Metro ya M2 mutsikire pa Vezneciler, chitunda chake sichikhala chowawa monga chimakhalira mukachokera kumunsi ku Eminönü, dera la m'mphepete mwa nyanja.

Njala ikakupezani, moyang'anizana ndi mzikitiwo muli malesitilanti otchuka ndi kuru fasulye, nyemba zoyera zophika ndi tomato zodyera mpunga. Nthawi ikatsalako, tsetserekani mukaone kamzikiti ka Rüstem Paşa pafupi ndi msika wa zokometsera ndiwo. Nakonso n'ka Sinan, ndipo matailosi okongola ochokera ku tauni ya İznik amene anthu amakafuna ku Blue Mosque muwaonera pafupi, popanda wokukankhani.