Kalgoorlie: mmene dera la anthu a m'migodi linachokera m'manja mwa Labor

Kalata ya sabata ino yachokera kutali, kwa mchemwali wathu wina amene akugwira ntchito ya unamwino ku Kalgoorlie, m'chigawo cha Western Australia. Akuti posachedwapa alandira unzika wa dzikolo ndipo pachisankho chikubwerachi adzavota nawo. Funso lawo ndi ili: "Odwala achikulire amakonda kundiuza kuti tauni ino inali ya chipani cha Labor kuyambira kalekale, ndipo kuti phungu wake ankayimira dera lalikulu kuposa lina lililonse padziko lapansi. Koma lero phungu wathu ku Canberra ndi wa Liberal. Kodi n'zoona zimenezi, nanga chinasintha n'chiyani?"

Achemwali, odwala anuwo sakunama. Dera la chisankho la Kalgoorlie linakhazikitsidwa mu 1901 ndipo linathetsedwa mu 2010. Panthawi yomwe linkatha linali ndi masikweya kilomita pafupifupi 2.3 miliyoni, kuyambira kugombe la kummwera mpaka ku Kununurra kumpoto, kutenganso Broome, Port Hedland ndi Karratha. Malawi yense, kuphatikizapo nyanja, angalowemo ka 19. Koma ovota anali pafupifupi 80,000 okha, chifukwa mbali yaikulu ndi chipululu. Kwa zaka zochuluka mpandowu unalidi wa Labor. Yankho langa pa funso lanu lachiwiri ndi lakuti anthu a ku Kalgoorlie sanangodzuka m'mawa wina n'kudana ndi chipani cha makolo awo. Ntchito ya m'migodi ndiyo inasintha kagwiridwe kake, ndipo voti inatsata ntchito. Kenaka odula malire anadzamaliza zotsalazo.

Nkhani imayambira pa golide. Mu June 1893 Paddy Hannan ndi anzake awiri anatola golide pamalo pamene pali tauni yanuyo, ndipo pasanapite zaka zambiri anthu zikwizikwi anakhamukirako kuchokera ku Victoria, South Australia ndi New South Wales. Alendowa sankaona boma la ku Perth, likulu la chigawochi, ngati lawo. Ankadandaula kuti msonkho akulipira ndi iwo koma mipando yambiri m'Nyumba ya Malamulo ili m'manja mwa alimi ndi mabanja akale a kugombe. Zigawo zina zitagwirizana zopanga chitaganya cha Australia, atsogoleri a ku Perth ankazengereza, ndiye a kumigodi anaopseza kuti adzipatula, apange chigawo chawochawo n'kulowa okha m'chitaganyacho. Boma linagonja n'kuitanitsa referendamu pa 31 July 1900. Ovota oposa awiri mwa atatu alionse anavomera, ndipo kumigodi n'kumene "inde" anachuluka koposa. Mu 1933, pamene ovota ambiri a chigawochi anavota kuti chituluke m'chitaganya, a kumigodi anakana. Phungu woyamba wa derali, John Kirwan, anali mkonzi wa nyuzipepala ya Kalgoorlie Miner komanso mmodzi mwa atsogoleri a gulu lofuna kudzipatula lija.

Kirwan sanakhalitse. Mu 1903 anagonja kwa Charles Frazer wa Labor, mnyamata wa zaka 23 amene ankayendetsa injini pamgodi. Apa m'pamene panayambira mwambo umene odwala anu akuukumbukira. Mgodi wa nthawi imeneyo unkafuna amuna mazanamazana otsikira pansi limodzi, okhala m'nyumba zoyandikana ku Boulder, tauni yoyandikana ndi Kalgoorlie, odwala matenda amodzimodzi a m'mapapo chifukwa cha fumbi la miyala, oika maliro a anzawo pamodzi. Anthu otere bungwe la ogwira ntchito linali moyo wawo, ndipo Labor inali dzanja la bungwelo m'Nyumba ya Malamulo. Frazer anafika pokhala nduna yoona za mtengatenga wa makalata, koma anamwalira mu 1913 ali ndi zaka 33 zokha. Dziwani kuti masiku amenewo Nyumba ya Malamulo inkakumana ku Melbourne, ndipo njanji yodutsa m'chipululu kuchokera ku Kalgoorlie kupita ku Port Augusta inatha mu 1917. Isanathe, phungu ankakwera sitima yapamtunda kupita kugombe, kenaka yapamadzi masiku angapo, kuti akalankhulire anthu ake.

Amene analowa m'malo mwa Frazer ndiye anasiya mbiri imene mpaka lero palibe waibwereza. Hugh Mahon anabadwira ku Ireland, ndipo ali mnyamata anamangidwapo ndi boma la Britain chifukwa cha ndale za malo. Mu 1917 anataya mpando Labor itagawikana pa nkhani yokakamiza anyamata kupita kunkhondo, koma mu 1919 anautenganso. Mu October 1920 meya wa mzinda wa Cork ku Ireland, Terence MacSwiney, anafera m'ndende ku London atanyanyala chakudya. Pamsonkhano wina ku Melbourne, Mahon anadzudzula ufumu wa Britain ndi mawu oŵaŵa, kuutcha wamagazi ndi wotembereredwa. Patangopita masiku ochepa nduna yaikulu Billy Hughes anabweretsa mfundo m'Nyumba yoti Mahon achotsedwe chifukwa chonyoza mfumu imene analumbira kuitumikira, ndipo aphungu a boma, pokhala ambiri, anavomereza. Mahon ndi phungu yekhayo amene anachotsedwapo m'Nyumba ya Malamulo ya chitaganya cha Australia. Pachisankho chachibwereza cha December 1920 anagonja kwa George Foley wa chipani cholamula, ndipo panatha zaka zoposa 100, mpaka chisankho cha ku Aston mu 2023, kuti boma lilandenso mpando wa otsutsa pachisankho chachibwereza.

Ine nkhani ya Mahon imandipweteka. Munthu angathe kutsutsa zimene analankhula, koma amene anamutuma ndi anthu a ku Kalgoorlie, ndipo oyenera kumuchotsa anali iwowo pa nthawi yake, osati adani ake a ndale pogwiritsa ntchito kuchuluka kwawo. A ku Australia eni ake anadzazindikira zimenezi, moti lamulo la mu 1987 linalanda Nyumbayo mphamvu yochotsa phungu.

Mu 1922 dera la Dampier litathetsedwa, Kalgoorlie inameza kumpoto konse, ndipo chaka chomwecho Labor inabwerera. Albert Green anakhala pampando mpaka imfa yake mu 1940, n'kulowa Victor Johnson, yemwe kale ankameta nkhosa, mpaka 1958. Zaka 36 zosadukiza. Pambuyo pake Liberal inkalowa mwa apo ndi apo Labor ikakhala pamavuto m'dziko lonse: Peter Browne kuyambira 1958 mpaka 1961, ndi Mick Cotter kuyambira 1975, chaka chimene boma la Gough Whitlam linachotsedwa, mpaka 1980. Pakati pawo panali Fred Collard wa Labor, zaka 14.

Koma pali mbali ina imene odwala anu mwina sangaitchule, ndipo inu monga munthu wakuda muyenera kuidziwa musanayambe kusirira masiku akalewo. Umodzi wa anthu a m'migodi unali umodzi wa azungu. Labor ya nthawi imeneyo inkaikira kumbuyo kwambiri ndondomeko yoti Australia akhale wa azungu okha, poopa kuti alendo adzatsitsa malipiro. Lamulo la zisankho la mu 1902 linkaletsa kuvota mbadwa za Chiaborijini, komanso mbadwa za ku Asia, ku Africa ndi zilumba za m'nyanja ya Pacific kupatula New Zealand. Mu January 1934 magulu a anthu ku Kalgoorlie ndi Boulder anatentha nyumba, masitolo ndi mahotela a anthu ochokera ku Italy ndi Yugoslavia, omwe ankagwira nawo ntchito m'migodi yomweyo. Eni nthaka, monga a Wongatha a kwanuko, anapatsidwa ufulu wonse wovota pa zisankho za chitaganya mu 1962, ndipo kulembetsa m'kaundula kunadzakhala kokakamiza kwa iwo mu 1984, ngati mmene kunalili kale kwa ena onse. Kwa zaka 60, phungu wa dera limene muli midzi yambirimbiri ya Aaborijini ankasankhidwa eni akewo atangoyang'ana. Ngakhale ufulu utabwera, zopinga sizinathe. Pa chisankho cha chigawo cha mu 1977 ku Kimberley, khoti linafafaniza zotsatira litapeza kuti Aaborijini osadziwa kuwerenga analepheretsedwa kuvota bwino. Ernie Bridge, amene anakasuma, anadzapambana mu 1980 n'kukhala Mwaborijini woyamba m'Nyumba ya Malamulo ya Western Australia.

Tsopano tifike pamene zinthu zinatembenukira. Boma litachotsa chiletso chogulitsa miyala ya chitsulo kunja mu 1960, ku Pilbara, kumpoto kwa chigawochi, kunabadwa matauni atsopano monga Tom Price ndi Newman. Poyamba zimenezi zinalimbitsa Labor, chifukwa mabungwe a ogwira ntchito kumeneko anali amphamvu zedi ndipo sitalaka sizinkasowa. Koma mu 1986, pa mkangano wa ku migodi ya Robe River, olemba ntchito analimbana ndi mabungwewo n'kuwafooketsa. Mu 1993 malamulo atsopano a chigawo analola kuti munthu aliyense azisainirana yekha kontrakiti ndi kampani, ndipo ambiri mwa ogwira ntchito ku kampani ya migodi ya Hamersley Iron anasaina chifukwa ndalama zake zinali zokwera. Ku Kalgoorlie kwenikweniko, migodi yambiri yakale ya pansi pa nthaka inaphatikizidwa mu 1989 kukhala dzenje limodzi lalikulu lija mumaliona, la Super Pit, limene limadalira makina akuluakulu ndi anthu ochepa. Kunabweranso mashifiti a maola 12, ndi dongosolo lakuti wantchito azibwera pandege, agone pakampu sabata imodzi kapena ziwiri, n'kubwerera kwawo. Munthu wotere voti yake amaponya ku Perth kumene kuli banja lake. Ndipo amene anatsala m'tauni, wolandira malipiro apamwamba pa kontrakiti yakeyake, anayamba kuona kuti tsogolo lake lamangika ku phindu la kampani, kotero chipani cholankhula za msonkho wa migodi kapena zoteteza chilengedwe anayamba kuchikayikira.

Phungu amene anakhala pampando nthawi yonse ya kusinthaku ndi Graeme Campbell, amene anapambana mu 1980 pa tikiti ya Labor. Anali munthu wosamvera chipani. Anatsutsa chipani chake pa nkhani yoika msonkho pa golide, anatsutsa chigamulo cha Mabo cha mu 1992 chimene chinavomereza kuti Aaborijini ali ndi ufulu wa makolo pa nthaka, ndipo ankayankhula pamisonkhano ya magulu odana ndi kubwera kwa alendo m'dzikomo. Kumapeto kwa 1995, Paul Keating ali nduna yaikulu, Labor inamutaya. Iye anaima payekha mu 1996 n'kupambana, zomwe zinaonetsa kuti ovota ambiri anali atasiya kale kutsata chipani, ankatsata munthuyo. Ena amamutama kuti anali wolimba mtima. Ine ndimavomereza kuti pa za golide ankalankhulira anthu ake, koma pa za nthaka anatembenukira ovota ake omwe, Aaborijini amene ambiri a iwo ankavotera Labor mokhulupirika. Mu 1998 anagonja, mpando unapita kwa Barry Haase wa Liberal, ndipo Labor sinaupezenso.

Chomaliza ndi malire. Lamulo la ku Australia limafuna kuti madera onse a m'chigawo chimodzi akhale ndi ovota ofanana, kusiyana kwake kusapitirire 10 pa 100 alionse. Pamene Perth inkakula, madera akumidzi anayenera kukonzedwanso, ndipo mu 2010 Kalgoorlie inagawidwa pawiri. Kumpoto kunakhala dera latsopano la Durack, limene Haase anapita kukaimira, ndipo kuyambira 2013 lili ndi Melissa Price wa Liberal. Tauni yanu inaikidwa m'dera la O'Connor, lotchedwa dzina la C. Y. O'Connor, injiniya wa paipi ya makilomita oposa 500 imene yakhala ikubweretsa madzi kuchokera ku Mundaring kuyambira 1903. M'dera limeneli anthu pafupifupi 30,000 a ku Kalgoorlie-Boulder ali pamodzi ndi Albany, Esperance ndi alimi a tirigu ndi nkhosa, amene sanakhalepo a Labor. N'chifukwa chake mpikisano woopsa kumeneko unali pakati pa Liberal ndi Nationals, chipani choimira anthu akumidzi: mu 2010 Tony Crook wa Nationals anagwetsa Wilson Tuckey amene anakhalapo zaka 30, ndipo mu 2013 Rick Wilson anaubwezera mpandowo ku Liberal.

Musasokoneze mpando umenewu ndi wa Nyumba ya Malamulo ya chigawo ku Perth, umene mpaka lero umatchedwa Kalgoorlie. Uwo ndi wochepa ndipo tauni yanu ndiyo ili ndi mawu aakulu. Unachoka m'manja mwa Labor mu 2001, unadutsa kwa Liberal, kwa woima payekha, kwa Nationals ndi kwa Liberal kachiwiri, kenaka mu 2021 Ali Kent anaubwezera ku Labor. Pa mipando ya chigawoyi lamulo la mu 2005 limachitira chifundo madera opitirira masikweya kilomita 100,000, powalola kukhala ndi ovota ochepa poyerekeza ndi a m'tauni. Ndimaona kuti nzeru imeneyi ndi yabwino, chifukwa phungu amene amafunika ndege kuti akafike kumudzi wa ovota ake sangafanane ndi wa ku Perth amene amazungulira dera lake lonse asanadye nkhomaliro.

Popeza mwalandira unzika, lembetsani m'kaundula msanga, chifukwa kumeneko kuvota n'kokakamiza kuyambira 1924 ndipo wosavota popanda chifukwa amalipira chindapusa. Pa pepala lobiriwira la phungu simuchonga munthu mmodzi ngati kwathu. Mumalemba manambala m'mabokosi onse, 1 kwa amene mukumufuna kwambiri, 2 kwa wotsatira, mpaka onse athe, ndipo mukasiya mabokosi opanda manambala voti yanu ikhoza kuwonongeka. M'dera ngati O'Connor, amene mwamuika patsogolo akatsalira m'mbuyo voti yanu imasamukira kwa wachiwiri kapena wachitatu, ndiye muganizire bwino amene mukumuika pamwamba pakati pa Liberal ndi Nationals ngakhale onsewo atakhala kuti si a kumtima kwanu.