Musalipire musanaone adaputala yake, achimwene

Achimwene, ngati mukufuna kugula Korg Volca Drum yakale, kamakina koimba ng'oma zamagetsi, ndalamayo igwireni kaye! Ena mwa ogulitsa zakale pa Facebook kuno ku Joni alibe chisoni. Amachotsa adaputala yeniyeni ya Korg, KA-350, n'kuikamo zija za m'tauni za timitu tosinthasintha. Volca Drum imafuna 9V, positive ali pakati. Adaputala ya ma pedal ambiri a gitala ndi 9V yomweyo koma pakati pali negative, ndipo kamutu ka zam'tauni zija kamalowa mbali zonse ziwiri. Mukulumikiza, sikirini zii. Mukudinanso, zii. Mwayi ukakuthawani mumangomva kafungo ka zopserera, mukamathamangira pa WhatsApp munthu uja wakutsekerani kale, chithunzi chake chachoka. Anthu oterewa amandinyansa, akudziwa bwino kuti ndalamayo ndi ya thukuta.

Volca-yo muiyese ndi mabatire 6 a AA pamaso pa wogulitsayo. Ma part onse 6, kutanthauza ng'oma zake 6, alire, mupotokole kabatani kalikonse, makamaka Decay, Body ndi Tune za gawo lotchedwa waveguide, chifukwa phokoso lachilendo lija, ngati mukumenya paipi kapena chingwe, limachokera pamenepo. Part iliyonse ili ndi ma layer awiri, mawu awiri olira pamodzi: ina muike sine (mawu osalala) yotsika mwachangu, ina noise (phokoso la shii) pang'ono, mwapeza kale chinthu choyandikira log drum, besi ya amapiano. Mulibe ma sample (mawu ojambulidwa) mmenemo, ndiye ng'oma ya gule musaiyembekezere.

China ndi waya. Mawu amatulukira pa kabowo ka mahedifoni ka 3.5mm, stereo. Mukatenga waya wa TRS (wa mizere iwiri pamutu) n'kulowetsa pa bowo limodzi la mtundu wa balanced pa mixer, kumanzere ndi kumanja zimafafanizana, kick (ng'oma yaikulu ya besi) yonse imasowa, anthu n'kumati makina ndi ofoira. Gulani waya wogawikana, wa mitu iwiri ya TS (ya mzere umodzi pamutu). MIDI, yolumikizira makina ena, ndi yolowa yokha, yotuluka palibe; ma Volca anzake imayenda nawo liwiro limodzi kudzera pa mabowo a Sync.

Kit (mawu a ng'oma zonse 6) mukaikonda isungeni pompo, pattern (kamenyedwe kake) nayonso payokha. Eskom akathimitsa muli pa adaputala, zosasunga zapita. Muzizulanso adaputala pakhoma magetsi asanabwerere.

Koma kunena zoona, gulanibe yakaleyo, yatsopano m'sitolo mtengo wake ndi wa lendi. Mukumane pa mall masana, osati kunyumba kwa munthu. Ngati masitepe 16 a pattern ya Volca akukucheperani, funani makina ena otchedwa Elektron Model:Cycles, imafika 64, koma adaputala yake ndi ya 5V, musaisakanize ndi ya Volca.