Dzina la Amati m'kati mwa vayolini

Mmodzi wa owerenga athu wanditumizira imelo. Akuti anagula vayolini pamsika wa zinthu zakale ku Leeds, ndipo m'kati mwake muli kapepala kolembedwa kuti "Nicolaus Amatus". Akufunsa kuti munthuyu anali ndani, nanga kodi watola chuma?

Achimwene, za chumazo mtima m'malo kaye. M'zaka za m'ma 1800, mafakitale a ku Markneukirchen ku Germany ndi ku Mirecourt ku France ankatulutsa mavayolini miyandamiyanda, n'kumamatamo timapepala totere pofuna kungosonyeza mmisiri amene atengera kapangidwe kake. Pitani nayo kwa wokonza mavayolini. Iye ayang'ana thabwa, vanishi ndi kasemedwe ka mutu, kapepalako sakhala nako ntchito kwenikweni.

Banja lenileni la Amati linali la ku Cremona, kumpoto kwa Italy, m'mphepete mwa mtsinje wa Po. Andrea Amati, yemwe anamwalira mu 1577, ndi amene anakhazikitsa maonekedwe a vayolini ya zingwe zinayi imene tikuidziwa lero, ndipo zida zake zina anapangira nyumba ya mfumu Charles IX ya ku France. Ana ake, Antonio ndi Girolamo, anapitiriza ntchitoyo. Lusoli silinkatuluka pakhomo.

Chimene chinasintha zonse ndi mliri wa mu 1630. Unatenga Girolamo, ndipo Maggini, mmisiri wotchuka wa ku Brescia, naye anamwalira m'zaka zomwezo. Nicolò mwana wa Girolamo, wobadwa mu 1596, yemwe ndi "Nicolaus Amatus" wa pakapepala paja, anatsala pafupifupi yekha, ofuna mavayolini akubwerabe. Akanatani? Anayamba kuphunzitsa anyamata amene sanali abale ake. Mmodzi mwa iwo, Andrea Guarneri, ankagona m'nyumba mwake momwemo. Mdzukulu wa Guarneri ameneyu, wotchedwa del Gesù, ndi amene anasema Il Cannone mu 1743, vayolini ya Paganini, katswiri woyimba vayolini, imene imasungidwa ku Genoa. Stradivari nayenso, mmisiri wotchuka kwambiri wa mavayolini, pa vayolini ina ya mu 1666, anadzitcha wophunzira wa Nicolò, ngakhale akatswiri amakanganabe ngati anagwiradi ntchito pakhomopo. Kwa ine, kutsegula chitseko kumeneku n'kumene kunakuza Cremona, kuposa vayolini iliyonse imene Nicolò anasema.

Banjalo silinapindule nazo kwenikweni. Girolamo wachiwiri, mwana wa Nicolò, ankadziwa ntchito, koma makasitomala olemera anali atakhamukira kwa Stradivari. Atamwalira mu 1740, panalibenso Amati wina wogwira sompho.