Mutifunse: Wolemba za anamapopa uja atalowa tchalitchi, mabuku ake akale tiotche?

FUNSO: Akonzi zikomo. Ine ndine mphunzitsi kuno ku Nkhotakota, mabuku ndimagula aja amayala pansi mu tauni ku Lilongwe ndikapita kukaona abale. Ndili nawo angapo a Anne Rice. Nde pa gulupu yathu ya WhatsApp pabuka mkangano, wina waponya nkhani yoti mayiyu anatembenuka mtima n'kuyamba kulemba za Yesu, ena akuti anali atatha nzeru basi anangofuna ndalama za akhristu, ena akuti aleluya Mulungu wamulanda m'manja mwa satana. Alamu anga atamva zoti m'nyumba mwanga muli mabuku a anthu oyamwa magazi akuti ndiotche onse, poti mwini wake yemwe anawakana. Zoona zake ndi ziti? — Wowerenga wanu, Linga.

YANKHO: Achemwali, musathamangire machesi. Ndipo alamu anuwo sindikuwaseka ayi, kuno nkhani ya anamapopa si yachibwana, mu 2017 anthu anaphedwa ku Mulanje, Phalombe mpaka Blantyre chifukwa chongoganiziridwa, nde munthu akamva zoti buku likukamba zoyamwa magazi mtima umagunda ndithu. Koma onse a pa gulupu yanuyo nkhaniyi akuidziwa theka.

Anne Rice anabadwira ku New Orleans mu 1941 m'banja lachikatolika lenileni, anasiya kupemphera ali ndi zaka 18. Mu 1972 mwana wake wamkazi anamwalira ndi khansa ya m'magazi ali ndi zaka 5 zokha, ndipo ali m'kati mwa chisoni chimenecho ndi pamene analemba Interview with the Vampire lomwe linatuluka mu 1976. Ngati muli nalo tsegulani pamene pali kamtsikana kaja Claudia, kamene kanasandutsidwa namapopa n'kusiya kukula, zaka zikupita thupi likadali la mwana. Ameneyo ndi mayi wofedwa akulemba, osati mfiti. Ndipo anamapopa akewo masamba onse amangofunsa kuti Mulungu alipo kapena ayi, ine ndine wotayika kapena ayi. Mu Memnoch the Devil la 1995 mpaka Lestat, namapopa wake wotchuka, satana akumutengera kumwamba ndi kugehena. Nde amene anadabwa atamva kuti wabwerera ku Katolika mu 1998, ine ndimati ankangowerenga za magazi zokhazo.

Zoti ankafuna ndalama, aaa ayi. Munthu woti mabuku ake agulidwa oposa 100 miliyoni, filimu yake ya 1994 munali Tom Cruise ndi Brad Pitt, angasiye msika umenewo n'kukayamba wina wosadziwika chifukwa cha njala? Mu 2002, chaka chomwe mwamuna wake Stan Rice anamwalira, anaganiza zoti azilembera Ambuye basi, ndipo ambiri mwa omutsatira anakwiya, ankamva ngati wawataya. Ndi zomwe zija timachita ife woyimba wathu akalengeza kuti tsopano ndi wa nyimbo zauzimu, a ku bala amati watithawa, a ku tchalitchi amati tiyeni timuone kaye ngati akhalitse.

Buku la Christ the Lord: Out of Egypt linatuluka mu 2005. Wolankhula m'menemo ndi Yesu mwini ali ndi zaka 7, banja likuchoka ku Alexandria kubwerera ku Nazarete, mwanayo akuona kuti akuluakulu akumubisira kanthu za kubadwa kwake koma sakumuuza. Apa mpamene alamu anu angadzakhumudwe kachiwiri, chifukwa mayiyu sanangotenga za m'Baibulo zokha, anatapanso m'mabuku akale amene mpingo sunawalowetse m'Baibulo. Muli nkhani ya Yesu akuumba mbalame zadothi n'kuziulutsa, mulinso mnyamata wovutitsa anzake amene akugwa n'kufa Yesu atamulankhula mwaukali, kenako n'kumudzutsa. Kwanuko ku Linga poti Asilamu ndi ambiri, funsani neba wanu, za mbalame yadothiyo akuuzani kuti mu Qur'an zilimo, mneneri Isa akuiumba n'kuipumira mwachilolezo cha Allah. Ine bukuli ndimaliona kuti ndi lofatsa kwambiri, penapake mpaka tulo, moto uja wa m'mabuku akale mulibe. Koma siloipa, ndipo The Road to Cana la 2008 ndi labwinoko. Lachitatu lomwe ankalonjeza silinatuluke.

Tsopano imvani zomwe a aleluya aja sanakuuzeni. Mu July 2010 mayiyu analemba pa Facebook kuti wasiya chikhristu. Anati Khristu sakumusiya, koma gulu la akhristu ndi mikangano yake latopetsa, ndipo iye sangakhale wodana ndi amuna kapena akazi okondana okhaokha, sangatsutse ufulu wa amayi, njira zolera ngakhalenso sayansi. Pompo omwe ankamukweza m'maulaliki ngati umboni anatembenuka, aja ankamunyoza nde anayamba kuomba m'manja. Mu 2014 anatulutsa Prince Lestat, anamapopa abwereranso. Anamwalira pa 11 December 2021 ali ndi zaka 80.

Chomwe chimandinyansa ine pa nkhani ngati izi n'choti mbali zonse ziwiri zimafuna wolembayo akhale wawo, ngati ndi mpira woti tagoletsa. Palibe amafunsa kuti bukulo lalembedwa bwino kapena ayi. Ndipo zoti anawakana mabuku akale sizoona, ngakhale nthawi imene ankapita ku Misa ankanena kuti ndi nkhani za munthu wofunafuna Mulungu mumdima, sanauze aliyense kuti aotche.

Chenjezo limodzi lokha poti ndinu aphunzitsi, mabuku a anamapopawo muli zachiwawa ndi zogonana zambiri, musawasiye poti ana a sukulu angawatole, ikani m'sutikesi. Alamu anuwo abwerekeni The Road to Cana kaye, lija la mbalame lidzabwere pambuyo akadzaziziritsa mtima.