Voisi ya achemwali poyankha Yami pa gulu la banja

Eee, Yami msuweni wanga, ndamva. Ukuti ndani ali ndi nambala ina ya Chikondi, nesi wathu uja, poti sakuyankha foni, ukufuna umufunse za mapiritsi a BP a azakhali. Iwe, nambala ndi yomweyo, uli nayo. Chimene ukufunsa ndi choti kodi mwana uja wayamba kudzimva ndi yunifolomu yoyera ija. Ndimakudziwa iwe, kuzungulira unayamba kale, nthawi ija ya nkhuku ya agogo.

Dikira kaye nditule poto pambaula. Ehe.

Ukuwakumbukira amalume? Ayi, osati a ku Kawale, a kumudzi, amene anthu ankati adokotala, chonsecho anali medical assistant. Pachipatala paja anali awiri okha, iwo ndi nesi mmodzi. Nyumba ili kuseri kwa chipatala pomwepo, ndiye usiku ukangomva go go go pawindo, panja pali ngolo, wina wanyamula koloboyi, wodwala amufunditsa chitenje. Ndipo inali nthawi ya Edzi ija, ma ARV aulere asanayambe, paja anayamba 2004. Munthu ankafika atatheratu, iwo n'kumupatsa Panado ndi Bactrim akudziwa kuti sabata yamawa amva kulira kutsidya. Ena mwa iwowo anali anzawo a pabawo. M'manja ankasamba mpaka khungu kung'aluka m'mipata ya zala. Kenako anasiya kudya nafe, mbale yawo ankapita nayo pansi pa mtengo wa mango. Kenako kachasu. Ndiye banja linati chiyani? Agogo ankati awalodza, mpaka mbuzi inapita kwa sing'anga... ayi, mbuzi ndi nkhuku zomwe, azakhali anganene bwino. Ena ankangoti chidakwa basi. Pa maliro a aNachisale aja, amalumewo akulira mlongo wawo, anthu n'kumawakokera kuseri kwa nkhokwe kukawaonetsa zilonda ndi mabuku a kuchipatala. Woti awafunse kuti amalume, inuyo mukugona bwanji, sindinamuone.

Tsono Chikondi. Ntchito waiyamba 2020, korona atangolowa. Asanapume, kolera ya 2022 mpaka 2023, yomwe inatenga anthu oposa 1,700 m'dziko muno, iye ali m'matenti, akubwera kunyumba akununkha kolorini. Pano ndi naiti, kutuluka naiti kulowa lokamu, ganyu wa shifiti yowonjezera, chifukwa malipiro amatha mwezi usanathe. Akatsegula foni m'minibasi, apeza chithunzi cha chotupa cha mwana wa uje, wina akuti tandiwerengera zotsatira za magazi, wina akuti ukandidumphitse pamzere. Ndinamupeza mwezi watha tiyi atazizira m'manja, akungoyang'ana khoma, mwana akumukoka chitenje iye osamva.

Si matama amenewo, Yami. Mwana uja watopa m'maganizo, ndipo ife abale ake tikumuwonjezera wodi ina pafoni.

Za azakhali, apititseni kukiliniki kwawo akawayeze, kapena imbani 929, Chipatala Cha Pa Foni, ndi ulere. Kwa Chikondi tipite Lamulungu... ayi, Loweruka, Lamulungu ali pa ntchito. Tiphike, tichape, mwana timutenge akasewere kwathu, iye agone. Akayamba kulankhula tisamudule ndi zoti limba mtima, ndiwe nesi. Akanena zoti tulo sakulipeza, akumangolira, kapena kuti moyo watopa nawo, pemphero tipemphera inde, koma timuperekezenso ku St John of God ku Area 43, kuli alangizi a zamaganizo. Anthu akangomva zamaganizo amathamangira kuganiza za ku Zomba, ayi, uku ndi kukhala pansi n'kucheza ndi munthu wodziwa ntchito yake.

Ndiye mwamva nonse amene mukumvetsera mwakachetechete, ndi inu alamu ndakuonani muli online: matenda kuchipatala, kwa Chikondi tizipita ngati abale. Asatumizenso munthu chithunzi cha chilonda kwa mwana uja, Yami, ndikunena iwe. Loweruka udzere ku Area 25 m'mawa unditenge, ndipo nsomba ugula ndiwe, chambo, osati bonya wako uja.